Nyimbo ya Enock

"Mamita teni, Felicia, ndipo usandidulire mokhota. Ndi ya masikafu a kwaya imeneyi. Tikaonekera nayo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa makwaya a ku Manja."

Ankayankhulayo anali Cathy, mnzake wa kutchalitchi, atatsamira kauntala ya shopu ya nsalu ya mayi Parveen ku Limbe. Felicia anaseka, nakoka mpukutu wa nsalu yobiriwira. Linali Lachiwiri masana, ndipo kunja oitanira minibasi anali kulimbirana gogo mmodzi ngati kuti mu Limbe monse munatsala yekhayo.

"Chikondwerero cha makwaya ndi Lamulungu lomweli. Telala wanuyo amaliza?" Felicia anafunsa.

"Wati Lachisanu."

"Telala akati Lachisanu, ndiye kuti Lamulungu m'mawa, mutavala kale nsapato."

Tsiku limenelo Felicia akanatha kuseka ngakhale ndi mwala. M'chikwama mwake munali kabuku ka kuchipatala, ndipo m'mawa womwewo namwino anali atalembamo zimene iye ankazikayikira kwa milungu itatu: anali woyembekezera. Sanauze munthu. Ankafuna kuti woyamba kumva akhale mwamuna wake, Kingsford, madzulo, patsogolo pawo pali mbale ya chipisi ndi nkhuku.

"Iwe kusowa kwako ku kwaya kukumanitsa zambiri," Cathy anapitiriza, akufufuza m'foni. "Sukudziwa kuti uli ndi mwamuna wamtundu wanji. A Kingsford atibweretsera nyimbo! Akuti anakasala kudya masiku atatu kuphiri la Soche, tsiku lachitatu inangowatsikira yonse, mawu ndi kayimbidwe komwe. Tajambula kale ku situdiyo. Tamvera."

Inayamba kiyibodi, kenaka ng'oma zothamanga zija zimene zimadzutsa ngakhale akulu a mpingo. Felicia analowetsa sizasi pa nsalu, mutu ukugwedera. Kenaka mawu analowa.

*Moyo wanga, gona bwino,*
*kumwambako sikuzizira.*
*Ambuye akusokera malaya,*
*udzavala ukadzafika.*

"Felicia! Wakhotetsa!"

Sizasi inali itapatuka, n'kudya nsalu mpaka pakati. Felicia sanaione. Nyimbo imeneyo ankaidziwa kuposa dzina lake. Sinatsike kuphiri lililonse ayi. Inatuluka pakamwa pake iye mwini, m'chipinda chawo ku Chinyonga, ndipo mawu ake oyamba sanali "moyo wanga". Anali "Enock wanga".

Miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo, Felicia anapita kuchipatala ndi beseni, zitenje ndi timalaya timene anasoka yekha ndi zotsalira za nsalu za m'shopu. Mwana anabadwa osalira. Akuluakulu mwana wotero amamutchula kuti mtayo: sakhala ndi maliro, salizirwa belu, ndipo amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete. Azakhali ake a Felicia, a ku Nancholi, ndiwo anamukulunga m'chitenje n'kupita naye. Pobwerako anamugwira Felicia paphewa. "Osalira, mwana wanga. Ukalira utsekera njira anzake. Osamutchulanso. Uyu sanali munthu, anali mlendo wodutsa."

Koma kwa Felicia ndi Kingsford anali munthu. Anali atamupatsa kale dzina mobisa, mimba ili ndi miyezi isanu, ndipo chitseko chikatsekedwa ankaitanana kuti "bambo a Enock", "mayi a Enock", n'kumaseka ngati ana akuba shuga. Tsono popeza kulira anamuletsa, Felicia anayimba. Ankayimba motsitsa, atagwira kamalaya koyera: *Enock wanga, gona bwino, kumwambako sikuzizira. Amayi ako anakusokera malaya, udzavala ndikadzafika.* Kingsford ankakhala pambali pake n'kumathira besi, misozi ikugwera pa tayi. Amenewo ndiwo anali maliro onse a Enock. Olira anali awiri, ndipo Felicia ankakhulupirira kuti adzakhalabe awiri mpaka kalekale.

"Felicia, uli bwino?" mayi Parveen anafunsa ali kukauntala ya ndalama. "Khala pansi, umwe madzi."

"Chizungulire chabe, mayi."

"Yakukhudza eti?" Cathy anatero monyadira. "Aliyense imamutero. Ine tsiku loyamba tsitsi linaima."

Poweruka, Felicia chipisi sanagule. Anakwera minibasi, anatsikira pa siteji ya ku Chinyonga, ndipo anapeza magetsi atathima monga mwa nthawi zonse. Anakoleza mbaula pakhonde, nateleka nyemba zadzulo. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, yalendi, koma kale oyandikana nawo ankaitchula kuti wailesi, chifukwa awiriwa ankatsuka mbale akuyimba, kuchapa akuyimba, ngakhale kukangana za mchere ankamaliza ndi korasi. Anakumanirana ku kwaya, iye ali pa mawu oyamba, Kingsford ali pa kiyibodi akulakwitsa dala kuti Felicia acheuke.

Dzuwa lisanalowe Kingsford anatulukira kuchokera ku ofesi m'tauni, akuimba mluzu, m'manja muli mapeyala awiri.

"Feli! Ndawapeza otsika mtengo pa msika wa Blantyre. Mayi wogulitsayo walumbira kuti mkati mwake ndi batala weniweni."

"Zikomo. Kuphiri la Soche kunali bwanji, a King?"

Mluzu unathera pomwepo.

"Ndamva kuti munasala masiku atatu. Ine ndinali kuti? Chifukwa chikwatiranireni sindikumbukira tsiku limene mbale yanu inabwerera kukhitchini ili ndi kanthu."

Kingsford anaika mapeyala pawindo mosamala, ngati mazira. "Wakuuza ndani?"

"Ndaimva pa foni ya Cathy. M'shopu. Pakati pa makasitomala."

"Ndimafuna kukudabwitsa Lamulungu."

"Mwandidabwitsa Lachiwiri."

Analowa m'nyumba, chifukwa khonde la ku Chinyonga lili ndi makutu ambiri kuposa tchalitchi. Felicia anatseka chitseko n'kuchitsamira. Mawu sanakweze.

"Mwamuchotsa dzina. Kumanda anamuika wopanda dzina, ndinangokhala chete. Malo amodzi okha amene dzina lake linali, inu mwafufutamo, mwaikamo ng'oma zovinira."

"Feli, nyimbo ndi ya Mulungu. Ikuthandiza anthu. Mayi wina wamasiye analira atangoimva."

"Ngati ndi ya Mulungu, bwanji mwanena kuti ndi yanu?"

"Anandifunsa kuti ndaitenga kuti. Ndikanati chiyani? Ndikanati ndi ya mkazi wanga, akanafunsa kuti anaipeka bwanji. Azakhali anati tisamutchule."

"Ndiye munaona kuti bodza la kuphiri ndilo lopepuka kunyamula."

Kingsford anakhala pa mpando, nagwira mutu. Atayankhula, mawu ake sanali a mphunzitsi wa kwaya amene anthu ankamudziwa.

"Iwe unamuona nkhope, Feli. Ine anandiimika pakhonde la chipatala. Azakhali anandidutsa ndi chitenje m'manja, n'kundiuza kuti izi si za amuna. Sindikudziwa pamene anagona. Ndilibe chithunzi. Ku ofesi anangoti pepani, mawa lake n'kundipatsa mafayilo. Nyimboyi inkandizungulira m'mutu tsiku lonse. Tsiku lina ku kwaya zala zinangoiyamba zokha pa kiyibodi, anthu onse anaima n'kundiyang'ana. Zinayamba choncho."

Felicia anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamupsetsanso mtima, chifukwa sankafuna kuchimva. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, zoona. Koma chitseko chimene Kingsford anatsekulachi chinali cha anthu awiri.

"Mukanandifunsa," anatero.

"Ndinalakwa."

"Ya pa foniyo yapita, sindingaithamangitse. Koma Lamulungu musaiyimbe. Sindingathe kukhala pa benchi n'kumaonerera anthu akuvina maliro a mwana wanga. Chimenecho chokha ndikupempha."

Kingsford anadzuka, nam'gwira manja onse awiri. "Sitiiyimba. Ndiwauza Lachinayi pokonzekera. Inde wanga ndi inde, mayi a Enock."

Dzina limenelo linali lisanamveke m'nyumbamo kwa miyezi isanu ndi inayi. Felicia analira, kulira kumene azakhali analetsa kuja, mpaka nyemba zinapserera pa mbaula. Anadya mapeyala ndi buledi. Lina linali lowola mkati, ndipo anaseka onse awiri za batala wa mayi wa pamsika. Za kabuku ka kuchipatala Felicia sananene. Anaganiza kuti nkhani yabwino isadyere mbale imodzi ndi misozi. Adzamuuza Lamulungu, akadzabwerako ku chikondwerero.

Masiku otsatirawo Kingsford anali mwamuna woti akazi ena n'kumawalozera amuna awo. Lachitatu madzi atasiya kutuluka pampopi, anasenza yekha zigubu kukatunga kumunsi, anyamata a pa siteji akumuseka kuti anadyetsedwa. Lachinayi atabwerako ku kwaya, Felicia anamufunsa.

"Mwawauza?"

"Zili bwino, Feli. Usadandaule."

Loweruka anamusitira diresi yake ya buluu, ndipo akuchapa kuseri kwa nyumba Felicia anangozindikira kuti akuyimba korasi yakale, Kingsford akuthira besi pawindo. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. "Wailesi yayaka! Tinkayesa mabatire anatheratu."

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kunabwera makwaya a ku Manja, a ku Nancholi, ena ochokera kutali ndi minibasi zahayala. Felicia anakhala mbali ya amayi, ndipo azakhali ake, amene anabwera ndi kwaya ya kwawo, anamusungira malo pambali pawo.

"Wanenepa nkhope," anamunong'oneza, akumuyang'ana ndi diso lija la akuluakulu. "Wachita bwino kutuluka m'nyumba. Zakale zinapita."

Mtsikana wina ankagawa mapepala a ndondomeko ya mwambo. Felicia analandira lake n'kuyamba kudzikupiza nalo, kenaka maso ake anagwera pa dzina la kwaya yawo. Nyimbo zinali zitatu. Yachitatu inalembedwa ndi zilembo zazikulu: MOYO WANGA, wopeka Kingsford.

Anadziuza kuti mwina mapepala anasindikizidwa kale. Anadziuza choncho kawiri, katatu, uku makwaya ena akuyimba zimene iye sanamve n'komwe. Kenaka inakwana nthawi ya eni malo. Anakwera kutsogolo ndi masikafu awo obiriwira, ena ulusi ukulendewera. Anayimba yoyamba. Anayimba yachiwiri. Anthu anawomba m'manja, koma kumbuyo achinyamata anali atayamba kale kukuwa: "Ya kuphiri! Ya kuphiri!"

Woyendetsa mwambo anaseka, napereka maikolofoni kwa Kingsford. "Anthu anena, aphunzitsi. Koma musanayambe, tiuzeni pang'ono m'mene munailandirira."

Kingsford anayang'ana mbali ya amayi. Anamupeza. Felicia sanachite zambiri. Anangopukusa mutu kamodzi, pang'onopang'ono, kuti aone iye yekha. Ndipo anaona. Felicia akanatha kulumbira pamaso pa Mulungu kuti anaona. Kenaka Kingsford anayang'ana abusa amene anali kumwetulira, anayang'ana khamu lija, nakweza maikolofoni.

"Abale ndi alongo, linali tsiku lachitatu la kusala kwanga..."

"Ameni!" tchalitchi chonse chinayankha.

Ng'oma zitalowa, mabenchi anasiyidwa okha. Amayi anatulutsa mipango, nthungululu zinaphulika, akulu a mpingo anagwedeza mapewa mwaulemu. Kwaya sinaphonye ngakhale pamodzi, ndipo Felicia anadziwa kuti nyimbo yoyimbidwa choncho anaikonzekera Lachinayi lomwelo. Kingsford sanawauze kanthu. Diresi anasita, besi anathira pawindo, akudziwa zonsezi.

"Dzuka, iwe!" Azakhali anamukoka mkono, mpango uli m'mwamba. "Dzuka uvinire amuna ako! Ena tikulira amuna otere!"

Felicia anayang'ana dzanja limene linamugwiralo. Linali dzanja lomwe lija linakulunga Enock m'chitenje. Tsopano linali kuvina nyimbo yake osadziwa, ndipo anthu mazana anali kuyimba za malaya amene anali m'sutikesi pansi pa bedi lake. Anamva kuti wagulitsidwa. Sanagulitsidwe ndi mdani kapena mkazi wina, koma ndi munthu yekhayo amene ankadziwa mtengo wa chinthucho, ndipo anachigulitsa kuti anthu amuwombere m'manja.

Anachotsa dzanja la azakhali mofatsa, anatola chikwama, nadutsa pakati pa ovina. Palibe anamuletsa. Ena ankayesa kuti Mzimu wamugwira.

Anayenda wapansi mpaka kunyumba, nyimbo ikumutsatira pa zokuzira mawu mpaka anakhota pa golosale. Anavula nsapato, anakoka sutikesi, natulutsa kamalaya koyera. Anayesa kuyimba. *Enock wanga...* Koma kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka kiyibodi, ng'oma ndi nthungululu za azakhali. Anayesanso, zomwezo. Nyimbo inali itadzaza anthu, malo a iye ndi mwana wake munalibenso. Anapinda kamalayako n'kukabwezera.

Anakhala pa bedi nthawi yaitali, dzanja lili pamimba. Sanadziwe kuti zinayamba liti, koma anadzipeza akung'ung'udza kanthu kena, katsopano, kopanda mawu ambiri. Anakabwereza mpaka kanakhazikika. Kenaka anatulutsa kabuku ka kuchipatala n'kukaika patebulo pabalaza, nabwerera pa bedi.

Cha m'ma folo koloko anamva mapazi pakhonde, ndipo anasiya kung'ung'udza.

Kingsford analowa sikafu yobiriwira ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Anaima pakhomo la kuchipinda.

"Feli, ndikudziwa. Koma unaona wekha m'mene zinalili. Abusa anali pompo, anthu akukuwa. Ndikanakana bwanji? Lachinayi ndinayesa, pakamwa panalemera. Madzi akatayika saoleka, tiye tingo..."

"Makamaka amene munthu wataya dala."

"Ndikhululukire."

"Ndidzakukhululukirani. Ndine mkhristu, ndilibe kothawira. Koma si lero." Anamuyang'ana. "Patebulopo pali kabuku. Werengani."

Anamva mapepala akutembenuzidwa. Kenaka mpando unagwa. Kingsford anathamangira m'chipinda, nagwada pansi, nkhope ikuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Feli! Zoona? Liti? Wadziwa liti?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri? Osandiuza?"

"Ndimadikira Lamulungu. Ndimafuna kukudabwitsani."

Kingsford anaweramitsa mutu. Koma chimwemwe chinamuposa mphamvu. Anagwira maondo a mkazi wake, akuthokoza Mulungu mawu akuphonyana. Felicia anamusiya amalize, ndipo pa ameni anayankha nawo, chifukwa mwanayo analidi wa onse awiri.

"Timupatse dzina," Kingsford anatero, akupukuta m'maso ndi sikafu ija. "Ngati kale, ife awiri. Ndipo ndikulowa ndinamva ukuyimba kanthu. Ndi yake eti? Tayimba ndimve, ndithire besi."

Felicia anadzuka, anatenga kabuku kaja m'manja mwake n'kukabwezera m'chikwama, natseka zipi.

"Dzina ndamupatsa kale. Nyimbo nayonso ali nayo."

"Ndiye ndiuze, Feli."

"Mudzamva akadzabadwa, a King," anatero akutuluka kukakoleza mbaula. "Limodzi ndi anthu ena onse."